Kabedi ka Chitseko cha Sitima Yomira

Mumsewu wa kuseri kwa doko aliyense amawadziwa a Kaputeni, ngakhale kuti bambowa sanakwerepo sitima chibadwire. Ngakhale bwato. Madzi amawaopa moti pamlatho amayenda pakati penipeni, maso ali kutsogolo. Dzinali anawapatsa anzawo a kuntchito powaseka, iwo n'kulilandira ndi manja awiri, ndipo lero ngakhale makalata a kumpingo amabwera atalembedwa choncho.

Ntchito yawo inali yodula ndi kuwotcherera zitsulo padoko, mpaka maso atayamba kuchita chidima n'kuwapumitsa. Koma chimene anthu amawadziwira si ntchitoyo. Amawadziwira sitima ija inamira kalekale, imene ana amaiphunzira kusukulu m'mizere iwiri n'kuiwala.

Inamira iwo ali m'mimba. Inali yoyendera malasha, yonyamula anthu ndi katundu, ndipo inagubuduzika ndi mphepo masanasana, anthu a kumtunda akuonerera. Bambo awo anali mmodzi mwa osonkhezera moto, pansi penipeni, kumene munthu satulukako sitima ikayamba kumwa madzi. Mtembo sunapezeke. Chithunzi panalibe. Mayi awo anatsala ndi malaya awiri a malemuwo, ndipo nawonso anang'ambidwa n'kukhala matewera.

Ali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, kampani ina inayamba kuvuula zidutswa za sitimayo kuti zikagulitsidwe ngati zitsulo zakutha. Zinkafika padoko zitakutidwa ndi ndere ndi dzimbiri, ndipo wopatsidwa ntchito yozidula anali iwo. Tsiku lachitatu, pamulu wa zitsulozo panatuluka fosholo ya malasha, mpini utawola. Anazimitsa moto wodulira n'kukhala pansi. Kapitawo anakalipa, iwo osamva. Poweruka, fosholoyo inadutsa pageti itakulungidwa m'ovololo.

Kuchokera pamenepo sanasiyenso. Akamva kuti msodzi wina anakola mbale ya m'sitimamo mu ukonde, kapena kuti nkhalamba ina ikutungira madzi m'ndowa imene inatoledwa pagombe chaka cha ngoziyo, ankakwera basi Loweruka n'kupita. Ankabwera ndi mazenera obulungira amkuwa, maloko, masupuni, nyali yopanda galasi, matabwa a mipando. Chilichonse ankachimangirira kapepala kolembapo kumene anachipeza ndi dzina la amene anawapatsa. Lamulo lawo linali limodzi: chinthu cha m'sitima sichipalidwa, sichitsukidwa ndi sopo, sichipakidwanso penti wina.

"Penti ameneyu ndiye sitimayo," ankatero. "Ukamupala watsala ndi thabwa la khola la nkhuku."

Ankangozipukuta ndi kabulashi kouma, chimodzichimodzi, Loweruka lililonse m'mawa asanamwe tiyi.

Chachikulu pa zonse chinali chitseko. Chinayandama chokha tsiku la ngozi, ndipo msodzi wina anachiika pakanyumba kake kosungiramo maukonde. Okalamba amene ankaidziwa sitimayo ankati n'cha chipinda chogona osonkhezera moto. A Kaputeni anachilondola zaka khumi ndi chimodzi, mwiniwake akukana. Atamwalira, ana ake anavomera kusinthana ndi chitseko chachitsulo chimene iwo anawotcherera okha. Anabwera nacho pangolo, akuyenda pambali, dzanja lili pamwamba pake ngati akuperekeza wodwala. Anachiimika pabalaza, ndipo panalibe wololedwa kuchitsamira.

M'nyumba imeneyi ndi mmene anakwatiwira mtsikana amene tsopano amatchedwa make Chiswe. Anabwera ali ndi zaka makumi awiri, sekondale asanaimalize. Mwamuna wake, mwana womaliza wa a Kaputeni, amayendetsa malole a ulendo wautali ndipo amatha milungu itatu asanaoneke. Apongozi aakazi anamwalira kale. Choncho masiku ambiri m'nyumbamo ankakhala awiriwo, kupatsana ulemu, kudutsana m'kakhonde mopewana, iye kuwatchula kuti bambo, iwo kumutchula kuti mayi.

Nyumbayo ankaiopa. Paliponse pamene diso lagwera panali chinthu cha munthu wakufa. Pamwamba pa kabati panali nsapato ya mayi wina, imodzi yokha, ndipo akamasesa ankaipatsa msana.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala ndi khanda lake lalikazi, anapeza pambali pa bedi pali kabedi katsopano, koyera mothimbirira, ka mipiringidzo yosalala bwino. Mwamuna wake anakayang'ana, n'kutuluka kukasuzumira pabalaza, n'kubwerera nkhope itasintha.

"Ukudziwa kuti n'chiyani chimenechi?" ananong'ona. "Chitseko chija. Achidula. Ine ndinakwapulidwa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi chifukwa chongokolekapo chikwama."

A Kaputeni anaima panja pa chipindacho, chifukwa m'chipinda cha mpongozi salowamo. Anali atavala malaya opita nawo kutchalitchi.

"Bambo anga ine sanandinyamuleko," anatero. "Anyamuleko uyu."

Akanakana bwanji? Anathokoza atagwada. Mawa lake anaitana mayi busa kuti adzapempherere kabediko, ndipo pansi pa matiresi anaikapo kapepala ka vesi. Chimene ankaopa chinali akufa. Ankaopa kuti mwana azilota madzi, kapena kuti tsiku lina adzapeza matiresi atanyowa popanda chifukwa. Miyezi inadutsa, mwanayo akugona bwino kuposa ana onse a mumsewumo, mpaka mantha aja anazilala.

Zina zonse ankaziyang'anira. Madzi akumwa ankawiritsa kawiri. Mlendo akafuna kunyamula mwana ankayamba wamupatsa sopo, moti alamu ake ankamunena kuti amadzimva. Machesi, singano, mabatani, mapilitsi a apongozi, zonse zinakwera pamwamba pa kabati, pafupi ndi nsapato ija. Koma mano atayamba kutuluka, mwana n'kumaima m'kabedi n'kumatafuna mpiringidzo wa pamwamba, iye anaseka. Ankatafuna ndi mtima wonse, malovu akuyenderera, maso atatseka. Dzina lakuti Chiswe linachokera pomwepo, ndipo analipereka ndi agogo ake.

"Mayi, tamuuzani mnzanuyo," ankatero ali pakhomo. "Chitseko chimenecho nyanja inachilephera. Asachimalize iyeyo."

"Muuzeni nokha, bambo. Ine samandimvera."

"Iwe Chiswe, tasiyako pang'ono, mawa udzadya chiyani?"

Make Chiswe anajambula zimenezi pafoni n'kutumizira mwamuna wake, amene anayankha ndi tinkhope toseka.

Pofika chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri, mwanayo anali ndi mawu ake anayi: mama, gogo, tiyi, ndi ayi. Oyamba kusowa anali tiyi. Ankangoloza kapu n'kulira. Kenako gogo. Anayamba kudzimbidwa masiku anayi, asanu, mimba itauma gwa. Phala ankalavula. M'zikhatho munayera, ndipo poyenda ankadzandira ngati wangodzuka. Mayi ake anapita naye kukachipatala ka m'deralo katatu. Malungo sanapezeke. Anapatsidwa mankhwala a njoka za m'mimba, kenako owonjezera magazi. Ulendo wachitatu anesi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana woyamba, eti? Zimaoneka. Pitani mukapume, mayi, ana amatero."

Anabwerera kunyumba akudziuza kuti mwina vuto ndi iyeyo.

Lachiwiri lina m'mawa, akumudyetsa pakhonde, mwanayo anauma thupi lonse. Maso anatembenuka, nsagwada zinalumana, timiyendo tikugwedezeka. Make Chiswe sanakuwe. Anangomva mawu ake akuti "bambo, bambo," motsika ngati akupempha mchere. A Kaputeni anathamangira kumsewu waukulu opanda nsapato n'kuima pakati pa msewu mpaka galimoto ina inaima.

Kuchipatala chachikulu anamubaya jakisoni, kugwedezeka kuja n'kusiya. Anatenga magazi. Chifukwa cha kuuma kwa mimba anamujambulanso ekisire. A Kaputeni anauzidwa kuti abwerere kunyumba chifukwa m'chipinda cha ana mumaloledwa womudikirira mmodzi. Mawa lake chakumasana, dokotala wachizimayi, wa tsitsi la imvi lometedwa lalifupi, anamuitanira make Chiswe m'kachipinda n'kuika chithunzicho pagalasi lowala.

"Mukuona timadontho toyera iti?"

Ankationa. Tinali tambirimbiri m'munsi mwa nthiti, ngati wina wawaza mpunga.

"Chakudya sichioneka chonchi. Izi n'zinthu zolemera zimene wameza. Magazi akenso ali ndi mtovu wambiri, wambiri zedi. Pafupi ndi kwanu pali amene amaswa mabatire a galimoto?"

"Ayi."

"Osungunula zitsulo? Opanga miyala ya maukonde?"

"Ayi, adokotala."

"Amadya dothi? Amanyambita khoma? Pali chimene amakonda kuika m'kamwa?"

Make Chiswe anatsegula pakamwa kuti ayankhenso ayi, koma anakumbukira mpiringidzo wa kabedi uja. Anatulutsa foni n'kufufuza mpaka anapeza kanema uja. Anamupatsa dokotala. M'kachipindamo munamveka mawu a apongozi ake akufunsa kuti mawa udzadya chiyani, ndi kuseka kwa iye mwini, pafupi kwambiri ndi foni.

Dokotalayo anaonera mpaka kumapeto. "Thabwa limeneli n'lakale bwanji?"

"N'la sitima ija inamira."

"Sitima yake iti?"

Atamuuza, dokotala anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti penti wa masiku amenewo, makamaka wa m'sitima, ankasakanizidwa ndi mtovu kuti asawole ndi madzi. Kuti amakoma ngati muli shuga, n'chifukwa chake ana samusiya. Kuti ngakhale fumbi lake lokha, mwana akamakwawa n'kuika zala m'kamwa, limakwana.

"Wakhala akutafuna kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka." "Ndimamuikamo ndekha. Kawiri pa tsiku."

"Mankhwala tiyamba lero, oyamba otsuka m'matumbo, kenako otulutsa mtovuwo m'magazi. Koma ndikuuziretu. Mwanayu sindimutulutsa kuti abwerere m'nyumba imene muli zinthu zimenezo. Tikamutsuka kuno, inu n'kukamubwezera komweko, palibe chimene tachita."

"Achira?"

"Moyo ndikukhulupirira kuti tiupulumutsa. Zimene mtovu waononga kale m'mutu sitingazidziwe lero. Tizidzaziona akamakula."

Anatuluka n'kukaima m'khonde la chipatala, pafupi ndi ndowa ya mopu. Anthu ankamudutsa. Ankayang'ana manja ake awiri, amene ankawiritsa madzi kawiri. Kenako anaimbira mwamuna wake, amene anali pamzere wa malole kumalire, ulendo wa masiku atatu.

Anamufotokozera zonse. "Bambo usawauze kaye," anatero mwamunayo. "Dikira ndifike, ndiwauze ndekha. Zimenezi ziwapha."

"Ziwapha iwowo? Ali pa diripi ndani?"

"Sindikutero, make mwana. Koma ukuwadziwa. Zinthu zimenezo ndiye bambo awo."

"Ndiye mwana wanga adikire masiku atatu kuti bambo anu asakhumudwe?"

Anadula foni. Anapempha mayi wa pabedi loyandikana kuti amuyang'anire mwana kwa maola awiri, anabwereka chithunzi chija kwa anesi, n'kukwera basi.

Anawapeza pabalaza. Silinali Loweruka, koma manja awo anali atasowa chochita, ndiye anali atatsitsa matabwa a mipando aja n'kumawapukuta ndi kabulashi. Dzuwa linkalowa pazenera, ndipo m'kuwala kwakeko fumbi linkayandama, kutsikira pamphasa imene Chiswe ankaseweretserapo zidole. Loweruka lililonse chibadwire mwanayo, make Chiswe ankaliona fumbi limeneli, osaganizapo kanthu.

"Siyani, bambo."

Anatembenuka. Chikwatiwire sanawalankhulepo ataimirira.

"Mayi, mwabwera? Ali bwanji mnzanga?"

"Ikani kabulashiko pansi."

Anakaika. Iye anapita pazenera n'kukweza chithunzicho, n'kuwaonetsa timadontho tija, n'kubwereza zonse zimene dokotala ananena, osasiyako liwu. A Kaputeni anamvetsera mutu utapendekeka ngati munthu amene akuuzidwa njira ya kumalo kumene sakupitako.

"Ayi," anatero. "Madokotala a masiku ano akasowa matenda amaloza chilichonse. Ine ndagwira zinthu zimenezi zaka makumi anayi. Amuna anu anakulira momwemuno. Tafa?"

"Munazitafunapo?"

"Ndi thabwa chabe, mayi. Thabwa labwino. Ndinalisalaza ndekha kuti asabayidwe."

"Bwerani muone."

"M'chipinda mwanu sindingalowe."

Analowa yekha, n'kukoka kabediko, miyendo yake ikulira pasimenti, kudutsa m'kakhonde mpaka pamapazi awo. Pakuwala kwa pabalaza mpiringidzo wa pamwamba unaoneka bwinobwino. Kuchokera kungodya ina kufika ina unali wodyekadyeka, timano tiwiritiwiri. Penti woyera anali atatha. Pansi pake panali wotuwa, nayenso atatha m'malo ambiri. Pansi penipeni, pokhudzana ndi thabwa, panali wina wofiira ngati njerwa yopsa.

A Kaputeni anawerama. Anayendetsa chala pa wofiirayo, n'kuchiyang'ana, n'kuyendetsanso. Kenako anafufuza mpando kumbuyo kwawo ndi dzanja, osaupeza, n'kukhala pansi pasimenti.

"Wofiira uyu ndikumudziwa," anatero. Mawu awo anali aang'ono. "Padoko analipo. Tikamadula chitsulo chopakidwa ameneyu ankatipatsa mkaka. Botolo limodzi munthu aliyense, pa teni koloko. Ati umatsuka m'mimba. Panali mnzathu wina manja ake anagwa chonchi, osathanso kugwira supuni."

Make Chiswe anawayang'anitsitsa.

"Ndiye munkadziwa."

"Wa pachitsulo. Wa utsi, ukamawotcha. Koma wouma, wa pathabwa, wokwiririka pansi pa unzake..."

"Munkadziwa, bambo."

"Sindinaganize. Pamene ndinkacheka ndinamuona, ndithu ndinamuona, utuchi wake unali wofiira. Ndinangoti, taonani mmene ankapakira bwino anthu akale."

Anakhala choncho, wina ataima, wina ali pansi. Panja wogulitsa makala ankadutsa akuitanira malonda ake. Make Chiswe anali atabwera ndi mawu ambiri, owawa, amene anawakonza m'basi, koma onse anali okonzera munthu wosadziwa. Okonzera munthu amene anauona utuchiwo n'kuuyamikira analibe.

Mwadzidzidzi a Kaputeni anadzuka, ananyamula kabediko ndi mphamvu imene iye sankadziwa kuti akadali nayo, n'kutuluka nako kuseri. Atawatsatira anapeza akutsegula botolo la parafini.

"Musayatse."

"Kapse. Kapse ndikuona."

"Utsi wake upita kuti? Kuseri kwa mpandawu kuli ana atatu. Mwangonena nokha za utsi."

Anaima botolo lili m'manja, parafini akudontha pa phazi lawo. Iye anawalanda, n'kutseka, n'kukaliika kutali.

"Kubwera anthu a zaumoyo," anatero. "Adzayeza chilichonse. Chimene chili ndi mtovu chichoka. Zikapanda kuchoka, Chiswe sabwera m'nyumba muno, ndipo inenso sindibwera. Ndikakhala kwa achemwali anga. Nyumba ndi yanu, bambo, sindingakulamuleni. Ndangokuuzani."

Sanadikire yankho. Maola awiri aja anali atatha.

A zaumoyo anabwera Lachisanu, awiri, atavala magolovesi ndi zotseka pamphuno. Make Chiswe anasiya mwana ndi mwamuna wake, amene anali atafika m'mawa womwewo atayenda usana ndi usiku, maso ali psu, n'kupita kukaonerera. Sankakhulupirira munthu wina aliyense pa nkhaniyi. Anthuwo anali ndi timitengo ta thonje kumapeto, timene ankapaka pachinthu, ndipo pakakhala mtovu thonjelo linkasanduka lofiira. Linafiira pamatabwa a mipando. Linafiira pamafelemu a mazenera obulungira aja, panyali, pandowa. Linafiira pamphasa, pansi pa kabati, pazenera la kuchipinda, ngakhale pa chidole cha nsalu chimene mwanayo ankagona nacho. Pamenepo mmodzi wa iwo anasiya kulankhula nthabwala zimene anabwera nazo.

"Madala," anatero wamkuluyo, "zina izi, monga masupuni ndi mbale, zilibe penti. Tikhoza kuziyeza padera, zikatsukidwa bwino mukhoza kusunga."

"Tengani zonse."

"A kunyumba yosungira zakale akhoza kuzifuna. Kumeneko zimakhala m'magalasi."

"Apatseni. Koma timapepalato musachotse. Pali mayina a anthu."

Anazikulunga okha m'mapulasitiki, chimodzichimodzi, osalola kuthandizidwa. Aneba anadzaza kumpanda. Wina anafunsa mokweza ngati Kaputeni akusamuka ndi sitima yake, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Make Chiswe anaima pakhomo akuyang'ana nkhalambayo ikumanga zaka makumi anayi ndi tepi, ndipo anadikira kuti amve chisoni. Sichinabwere. Zimenezi zinamuopsa kuposa zonse za tsikulo.

Chimene chinabwera chinali kuwerenga ndi maso. Zinthu zimenezo ankazidziwa chimodzichimodzi, chifukwa anakhala zaka zitatu akuziopa. Galimoto ya a zaumoyo itadzaza, anayang'ana msomali wa pamwamba pa wailesi. Pamenepo pankapachikidwa chogwirira cha chitseko chija, chimene a Kaputeni anachichotsa pocheka, chachitsulo, chokutidwa ndi penti wokhuthala. Pamsomalipo panalibe kanthu, ndipo m'galimoto sanachione chikulowa.

"Bambo, chogwirira chija chili kuti?"

"Chapita ndi zinzake."

"Sichinapite."

Anthu a zaumoyo anayang'ana kumbali. Mpongozi safunsa apongozi ake kawiri, makamaka pamaso pa alendo. A Kaputeni anapisa dzanja m'thumba la mkati la jekete n'kuchitulutsa, chitakulungidwa m'kampango.

"Apa ndiye pamene ankagwira," anatero. "Tsiku lililonse, polowa ndi potuluka. Ndikanachitsekera m'sutikesi. Sakanachiona."

"Chiswe amatsegula sutikesi yanu. Mumamupatsa nokha kuti aziseweretsa maloko."

Anachipereka kwa wa zaumoyo ndi manja awiri. Jeketelo analivula n'kuliponya m'galimoto momwemo.

Nyumba inatsukidwa katatu ndi madzi ndi sopo, osasesa, chifukwa tsache limangouluza fumbi. Makatani, mphasa, matiresi ndi zidole zinatayidwa. A Kaputeni anakolopa okha atagwada, kuyambira kuchipinda mpaka pakhonde, mawondo atatupa, ndipo ulendo wachitatu thonje lija linatuluka loyera. Pamakoma panatsala misomali ndi zigamba zowala, zobulungira ndi zamakona, pamene zinthu zinkatchinga dzuwa.

Chiswe anatuluka m'chipatala patatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Ankadya, ankayenda, mimba inafewa. Kulankhula sankalankhula. Dokotala anati abwerenso pakatha milungu iwiri adzayezedwe magazi, kenako mwezi uliwonse, chifukwa mtovu wina umabisala m'mafupa n'kumatuluka pang'onopang'ono. Anati azimulankhula kwambiri, azimuimbira, azimutchulira dzina la chilichonse.

Bambo ake a Chiswe anakhala masiku anayi n'kubwerera kumalole. M'nyumba munatsalanso atatu aja, koma a Kaputeni anasamukira pakhonde. Ankadzuka mwana asanadzuke, n'kukakhala pampando panja, kudyera pomwepo, kulowa mwana atagona. Palibe anawathamangitsa. Make Chiswe ankawapatsira chakudya pakhomo, iwo n'kuthokoza osakweza maso. Sankadziwa ngati akufuna kuti alowe kapena ayi. Akawaona kumbuyo, khosi litaonda m'kolala, ankakumbuka galimoto ija anaiimitsa opanda nsapato. Akaona mwana wake akuloza kapu popanda mawu, ankakumbuka utuchi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, iye akuchapa mbale, mwanayo anatsetsereka pampando n'kuyenda mpaka pakhomo lotsegula. Anaima pamenepo, n'kukweza manja onse awiri kwa agogo ake.

A Kaputeni sanasunthe. Anaika manja awo pansi pa ntchafu n'kuwakhalira.

"Mayi," anaitana. "Bwerani mudzamutenge."

Make Chiswe anabwera akupukuta manja. Mwanayo anali adakali chikwezere manja, milomo itayamba kunjenjemera. Iye anamunyamula n'kumuika m'chiuno, koma sanabwerere m'nyumba.

"Bweretsani manja ndione."

Anawatulutsa. Anali manja a munthu wa zitsulo, a zipsera, khungu lokhakhala, ndipo m'mbali mwa zikhadabo ndi m'ming'alu ya zala munali mizere yakuda imene kukolopa katatu sikunachotse. Mwina linali dothi chabe. Iye sakanadziwa.

Anamanga mwana kumbuyo, n'kubweretsa beseni la madzi ofunda, sopo, chowengera zikhadabo ndi mswachi watsopano umene anagulira mwamuna wake. Anagwada patsogolo pawo n'kuyamba ndi chala chachikulu cha kumanja. Anawenga mpaka pamnofu, n'kutsuka ndi mswachiwo chala chilichonse, pansi ndi pamwamba, mpaka m'zigongono. Penapake panatuluka timagazi. A Kaputeni sanadandaule. Mneba wina anadutsa, anaona, n'kufulumira osapereka moni.

"Malayanso mukasinthe. Muvale amene ndachapa dzulo."

Anapita n'kubwerera atavala, mabatani atasemphana. Anakhala pampando. Make Chiswe anayang'ananso manjawo, kuwatembenuza uku ndi uku pakuwala, kenako anamasula nsalu n'kuwaikira mwana pamiyendo.

Chiswe anatsamira pachifuwa pawo n'kuyamba kukoka batani. Iwo anamugwira mosamala ngati mbale yong'aluka.

"Muzimulankhula," anatero make Chiswe. "Adokotala anati tizimutchulira zinthu."

Nkhalambayo inayang'ana uku ndi uku pakhonde lopanda kanthu, kufuna choti itchule.

"Batani," inatero. "Ili ndi batani. Uwu ndi mpando. Ilo ndi beseni."

Mbale zinali zikudikira m'khitchini, koma make Chiswe sanapiteko. Anakhala pansi pambali pa mpandowo, dzanja limodzi litagwira phazi la mwana, maso ali pakamwa pake.